Mabuku Anayi a Mwana Mmodzi

Panali mayi wina amene ankakhala pamphambano ya misewu inayi, pamalo aja amene minibasi zimaima kuti anthu agule tomato. Ntchito yake inali yosoka zovala pakhonde la sitolo. Mwamuna wake ankagwira ntchito kutali, kuminda ya tiyi, ndipo ankabwera kamodzi pa miyezi itatu. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, dzina lake Fatsani.

Mwanayo anali wonenepa, wodya bwino, wothamangitsa nkhuku za eni ake tsiku lonse. Koma atangopitirira zaka ziwiri, tsiku lina masana anasiya kusewera, nakagona pansi pa makina osokera. Mayi atamugwira, thupi linali moto. Sikunali kufunda kwa mwana amene akumera mano ayi. Atamubereka, kutenthako kunadutsa chitenje mpaka kumuotcha iye kumsana.

Anathamangira naye kuchipatala cha msewu wakum'mawa. Anamubaya chala, malungo mulibe. Anamumvetsera pachifuwa, anamuyang'ana m'makutu, sanapeze kanthu. Anamupatsa mankhwala oziziritsa thupi, nalemba mizere itatu m'buku lake lakuchipatala. Mwana anatentha masiku atatu. Tsiku lachinayi anadzuka napempha mbatata ngati palibe chimene chachitika.

Mwezi usanathe kutentha kuja kunabweranso, ndipo kunachokanso kokha. Kutabwera kachitatu, namwino wa pakhomo anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Mwabweranso? Kodi mwanayu mumamusamala inu?" Mawuwo anamulasa. Adokotala a mkatimo, bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi, anamuuza kuti zikachitikanso adzabwere naye kwa iwo. Koma mayiyo sanamve. Khutu lake linali litadzaza kale ndi mawu a namwino.

Pamenepo ndi pamene anafika azakhali ake a mwanayo, mlongo wamkulu wa bambo ake. Anali munthu wachikondi, tisawanamizire. Anayenda mtunda wautali ndi nkhuku m'khwapa. Anakhala pamphasa, namuyang'ana mwana nthawi yaitali, kenako anati:

"Alamu, achipatala sakuona kanthu chifukwa chimene chikumutsata mwanayu sichikhala m'magazi. Chimamupeza ndi dzina. Inu mukamuitana kuti adzasambe, icho chimamvanso. Timusinthe dzina, chisochere. Ndipo buku lija lili ndi dzina lakale pachikuto, mulitenthe."

Linali tsiku lachitatu la kutentha. Anamutcha Lekeleni. M'mawa mwake thupi linazizira. Azakhali anaomba m'manja, ndipo mayi analira ndi chimwemwe. Palibe amene anakumbukira kuti maulendo awiri oyamba aja thupi linaziziranso tsiku lachinayi, dzina lisanasinthidwe.

Buku lokha mayiyo sanalitenthe. Anafika nalo pamoto, koma ataona dzina la mwana wake pachikuto, dzanja linakana. Analibisa m'kabati ya makina osokera, pansi pa zidutswa za nsalu.

Milungu inayi isanakwane, Lekeleni anatentha. Mayi anachita manyazi kubwerera kwa namwino uja. Anagula buku latsopano pagolosale, nakwera minibasi ya msewu wakumpoto, kumene kunali chipatala china. Atamufunsa za buku lakale, anati linadyedwa ndi chiswe. Anamufunsa ngati mwanayo anadwalapo chotere, iye anati ayi, ndi koyamba. Anamubaya chala, malungo mulibe. Mizere itatu, mankhwala oziziritsa thupi, pitani bwino. Pa tsiku lachitatu azakhali anati chinthu chija chalidziwa dzina latsopano, namutcha Msiyeni.

Msiyeni anatentha, napita kuchipatala cha kumadzulo ndi buku lakelake. Azakhali anamutcha Sautso. Sautso anatentha, napita cha kummwera. Chiswe cha kwa mayiyo chinali chodabwitsa ndithu, chosadya nsanamira, chosadya chitseko, chongodya mabuku. Ndipo chipatala chilichonse chinkaona mwana watsopano, wa buku loyera, amene watentha thupi koyamba.

Poyamba amayi ogulitsa tomato ankaseka. Ankati, "Kodi lero ndi ndani ameneyu?" Pambuyo pake anasiya kuseka, ndipo anasiyanso kumuitana. Bambo ake atabwera, anafuula ali pamsewu, "Fatsani!" Azakhali anathamanga kukawatseka pakamwa. Koma sanafunikire kuvutika. Mwanayo sanacheuke n'komwe.

Mayiyo anaonda. Masiku a kutentha sankamuopsa kwambiri, chifukwa pamenepo manja ake anali ndi chochita, kunyowetsa nsalu ndi kumwetsa madzi. Amene ankamuopsa anali masiku abwino. Mwana akamaseka, iye ankamva ngati chinthu chija chaima tsidya la msewu, chikufunsa anthu njira. Ankasoka mzere umodzi, n'kukamugwira pamphumi. Kabati ya makina ankaitsegula msangamsanga, n'kutenga ulusi osayang'anamo, chifukwa m'menemo munali mutagona mabuku anayi, lililonse ndi dzina lake.

Sautso atazizira, azakhali anapukusa mutu, nati, "Chinthu ichi n'chochenjera. Ulendo uno tisamupatse dzina konse. Chizifunafuna, chisapeze pogwira." Kuyambira tsiku limenelo mwanayo ankangotchedwa iwe. Iwe, bwera. Iwe, idya.

Ndiyeno tsiku lina dzuwa lili paliwombo, msewu unangoti zii. Panalibe minibasi, panalibe wogula, ngakhale nkhuku zinabisala. Mayi anampatsa mwana gwafa. Mwanayo anakhala pansi pakhonde, nayamba kuliluma n'kumalavulira m'manja, mpaka zinakwana zidutswa zinayi. Anaziika pamzere pasimenti, mosamala ngati munthu wamkulu amene akuyembekeza alendo.

"Ichi cha Fatsani," anatero ndi kamawu kake kakang'ono. "Ichi cha Lekeleni. Ichi cha Msiyeni. Ichi cha Sautso."

Phazi la mayi linaima pa makina.

"Ali kuti amenewo?" anafunsa.

"Anatentha," mwana anayankha. "Anapita."

"Nanga chako chili kuti?"

Mwanayo anayang'ana zidutswa zija, nayang'ana m'manja mwake, nayang'ana mayi ake. Anati, "Ine palibe."

Kenako anapinda timanja take pamiyendo, nakhala phee, maso ali kumsewu wopanda munthu, kudikira kuti anayi aja abwere adzadye.

Mayiyo anachita mantha amene anali asanachitepo ngakhale tsiku limene mwanayo anatentha koposa. Anaona kuti kaya chinthu chija chilipo kaya palibe, sichinafunike kulowa m'nyumba kudzamulanda mwana. Iye yemwe ndi manja ake ndi amene ankamupereka pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi.

M'mawa mwake anatsegula kabati, natulutsa mabuku onse anayi, nawamanga pamodzi ndi kansalu. Anamubereka mwana, thupi lili lozizira bwinobwino. Azakhali anamupeza akudikira minibasi ya msewu wakum'mawa.

"Alamu, mukupita kuti ndi mwana wosadwala?"

"Ndikukatenga mwana wanga, alamu," anayankha mayiyo, nakwera.

Namwino wa pakhomo anali yemwe uja, ndipo anayankhula zake. Mayiyo anangomva, osachoka pamzere. Atalowa kwa adokotala a magalasi omanga ndi ulusi, anamasula kansalu, nayala mabuku anayi patebulo. Adokotala anawerenga mayina a pachikuto.

"Mayi, ana enawa mwawasiya kuti?"

"Ndi mmodzi yemweyu, adokotala."

Anaweramitsa mutu kudikira kukalipiridwa. Ndipo anafotokoza zonse, za mayina, za chiswe chimene kunalibe, za kuyankha kuti ndi koyamba pamene kunali kachisanu ndi chimodzi. Adokotala sanakalipe. Anatsegula mabukuwo limodzilimodzi, nalemba masiku onse papepala limodzi. Anachotsa kalendala pakhoma, nayamba kuwerenga ndi chala. M'chipindamo munali bata, moti mayiyo ankamva mpweya wa mwana kumsana kwake.

"Taonani," anatero adokotala. "Apa ndi apa, masiku makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Apa ndi apa, chimodzimodzi. Apa anasiyana ndi tsiku limodzi lokha. Anzanga onsewa sanalakwe. Aliyense anaona mwana wotentha kamodzi, ndipo mwana wotentha kamodzi timamubweza kunyumba. Koma uyu si wotentha kamodzi."

"Ndiye ndi matenda anji?"

"Sindikudziwa, mayi. Ndinganame ndikatchula. Alipo matenda angapo amene amayenda chonchi, ena amatha okha mwana akamakula, ena amafuna mankhwala. Ofunika kumuona ndi akuchipatala chachikulu, ndipo amuone thupi likutentha." Chala chawo chinayenda pakalendala, nichiima pa Lachiwiri la sabata yachiwiri. "Mukafike kumeneko Lamlungu, lisanafike tsiku ili."

Mayiyo anayang'ana tsikulo. Zinamuopsa kuona munthu akuloza tsiku limene mwana wake adzadwale, mwanayo ali bwinobwino akusewera ndi kansalu. Komabe kanali koyamba kuti iye adziwe kanthu chinthucho chisanafike.

Adokotala anatenga kalata yotumizira wodwala, nagwira cholembera. "Ndilembe dzina liti?"

Dzinalo linali litatha miyezi yoposa itatu osatuluka pakamwa pa mayiyo.

"Fatsani," anatero.

Anafika kuchipatala chachikulu Lamlungu. Lolemba mwana anasewera m'makonde, odikirira odwala ena n'kumadabwa kuti ameneyu wadzatani kuno. Lachiwiri masana anasiya kusewera, nakagona pamiyendo pa mayi ake, thupi lili moto. Koma ulendo uno anthu anali atakonzeka. Anamutenga magazi kutentha kuli pachimake, anamuyang'ana kukhosi ndi m'kamwa, nalemba zonse m'buku limodzi. Ena a magaziwo anawatumiza kutali, nati zotsatira zidzatenga nthawi.

Musayembekeze kuti ndikuuzani dzina la matendawo. Pamene ndinamva nkhaniyi, madokotala anali akufufuzabe. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku atatu amenewo mayiyo anakhala pambali pa bedi, akupukuta mwana ndi nsalu yonyowa, akumuitana dzina limodzi mokweza, osaopa amene angamve. Tsiku loyamba mwana sanayankhe. Tsiku lachiwiri sanayankhe. Tsiku lachitatu, thupi lisanazizire n'komwe, anatsegula maso, nati, "Ee, amama."

Tsopano inu amene mwakhala pano, musawaseke azakhali aja, ndipo musamuloze chala mayiyo. Ambiri a ife timachita zomwezo. Vuto likatibwerera, timalisintha dzina. Chaka chatha tinati ndi kutopa, chaka chino tikuti ndi nyengo. Kwa mbusa timanena chidutswa, kwa mlongo wathu chidutswa china, kwa dokotala chinanso, ndipo kulikonse timalumbira kuti ndi koyamba. Aliyense amatipatsa thandizo la koyamba, ife n'kumadandaula kuti palibe wotithandiza. Tikuopa manyazi a mphindi zisanu pakhomo, ndipo chifukwa cha manyazi amenewo tikutaya munthu wamoyo.

Sankhani munthu mmodzi woyenera, mumuuze zonse, kuyambira pachiyambi, ndi mabodza omwe munanena m'njira. Mwina adzakuyankhani kuti sakudziwa. Musakhumudwe nazo. Munthu amene wamva zonse n'kunena kuti sakudziwa angathe kuyamba kufufuza nanu limodzi. Amene munamubisira, ngakhale akhale wanzeru chotani, adzangokuuzani kuti mupite bwino.