Foda ya Zinyalala

Pashopu yosindikiza mapepala ya a Zachepa panali ntchito imodzi yosaphonya chaka. Nyengo ya fumbi ikamatha, mvula isanagwe, mmisiri wa makompyuta ankabwera kudzasesa. Ankauzira fumbi m'makina, kumasula mawaya opiringizana pansi pa matebulo, kusintha mawu achinsinsi ndi kufufuta mafayilo otha ntchito. Akachoka, makompyuta ankathamanga ngati ana oweruka kusukulu.

Dzina loti Zachepali silinali la makolo ayi. Analipata chifukwa chilichonse chomwe ungawauze, kaya pulinta yatafuna pepala, kaya denga likudontha, yankho linali lomwelo: "Zachepa izo." Anali munthu wa mtima wabwino, wosaumira, koma kufunsa ankakuona ngati kuvula malaya pagulu.

Chaka chimenecho mmisiri anaimba foni kuti afika Lachinayi m'malo mwa Lachitatu. A Zachepa anali atamuonerera zaka zisanu ndi chimodzi, manja ali kumbuyo, ndiye mumtima anangoti kodi mkuluyu amachita chiyani chimene ine sindingathe? Lachitatu masana, mlamu wawo atapita kukagula inki, iwo anapinda malaya n'kukhala pampando wake. Mlamuyu anali mng'ono wa akazi awo, ndipo ndiye ankataipa ndi kukonza zonse zosindikizidwa pashopupo.

Ntchito inawakomera. Anafufuta zithunzi za makasitomala omwe anasamuka kalekale, timakalata ta misonkhano yoiwalika, ndi mafayilo otchedwa "chomaliza", "chomaliza chenicheni" ndi "chomaliza chenicheni 2". Kenako maso anagwera pa foda yaikulu yolembedwa kuti ZINYALALA. Anaseka okhaokha. "Taonani ulesi wa alamu, kusesa n'kusiya dzala m'nyumba." Sanaitsegule n'komwe. Anaifufuta, n'kuitsatira mpaka m'kabini momwe zofufutidwa zimayamba zadikira, namonso anakhuthula kuti psiti.

Mlamu atabwera anangoyang'ana kamodzi pakompyuta.

"Alamu, mwagwira apa?"

"Ndakuseserani. Musavutike n'kuthokoza."

"Foda ya Zinyalala ili kuti?"

"Komwe zinyalala zimapita."

Mlamuyo anakhala pansi pang'onopang'ono, inki idakali m'manja. M'fodamo munali masatifiketi oposa mazana awiri a sukulu yophunzitsa kusoka ya tsidya la msewu, ntchito ya sabata ziwiri zathunthu. Mphunzitsi wamkulu ankabwera kudzawatenga Lachisanu madzulo, poti ophunzira ankalandira Loweruka. Sukuluyo ndiyo inali kasitomala wawo wodalirika kuposa onse.

"Nanga inu, zinthu zofunika n'kuzitcha zinyalala?" anafunsa a Zachepa, mawu atachepa.

"Ndinatero chifukwa cha inu nomwe, alamu. Foda iliyonse ya dzina labwino mumaitsegula n'kuyamba kukonza zosawonongeka. Mwaiwala mmene munasinthira zilembo pamakadi aukwati aja? Ndinkati zinyalala zokhazo simudzazikhudza."

Manyazi anawagwira a Zachepa, ndipo anachita mantha, chifukwa anaona m'maganizo ophunzira atavala bwino, abale awo atadzaza holo, patebulo palibe choti n'kugawa.

Mmisiri anafika Lachinayi m'mawa, namva nkhani yonse akuluma mlomo kuti asaseke. Anayesa kubweza fodayo, koma inali itapitiratu.

"Bwana," anatero, "mukamandiona ndikufufuta, ndimakhala nditakopera kale zonse padisiki yapadera. Ndiyo ntchito yoyamba. Kungoti ilibe phokoso, ndiye inu mumakhala mukumwa tiyi."

Mwayi unalipo pang'ono. Padisiki ya chaka chatha panapezeka chikombole cha satifiketi, ndi chizindikiro cha sukulu ndi maluwa ake a m'mbali. Mayina a chaka chino okha ndiwo panalibe, koma mndandanda wolemba pamanja unali m'dilowa. Mlamu anautulutsa n'kuuika patsogolo pa a Zachepa.

"Ine ndili ndi maoda ena. Amene wataya ndi amene atole."

Abale, kunali kuseka pashopupo masiku awiri amenewo. Mwini shopu, magalasi ali pamphuno, ankajompha mabatani ndi zala ziwiri, kusaka chilembo chilichonse ngati chathawa. Mlamu ankadutsa ndi bolopeni yofiira kuzunguliza mayina olakwika, ndipo poyamba ofiirawo ankachuluka kuposa abwino. Pambali pawo mmisiri ankagwira ntchito yake mwadongosolo: kukopera, kufunsa mwini fayilo, kenako kufufuta. A Zachepa ankamuba ndi diso, ndipo ulendo uno anaona zonse zimene zaka zisanu ndi chimodzi zinawadutsa.

Lachisanu dzuwa litapendeka, satifiketi yomaliza inatuluka m'pulinta ili yofunda. Mphunzitsi wamkulu anawerenga onse, nayamikira kuti ntchito ya pashopuyi sisintha, n'kunyamuka osadziwa kanthu. A Zachepa msana unkawawa, zala zili dzanzi, koma mtima unali mbee.

Akusesa pansi kuti atseke, anapeza pepala lokwinyika pafupi ndi tebulo la mlamu. Analitola, nalinyamula m'mwamba.

"Alamu, ichi n'chotaya?"

Mlamu anaseka mpaka kugwira nthiti. "Chimenecho ndiye chinyalala chenicheni, alamu. Tayani."

Anataya mtima uli m'malo. Funso la mawu atatu ngati limenelo likanawapulumutsa masiku awiri a thukuta. Akale sananame: safunsa anadya phula.