Alonda Awiri a Bambo Mapopa

Bambo Mapopa a ku Wakefield anali munthu wosakhulupirira chinthu chikakhala chimodzi. Buluku lawo linkagwiridwa ndi lamba komanso mabulesi, ndipo kuti asachedwe ku ntchito ankatchera mawotchi awiri. Akazi awo, mayi Asimenye, ankati mwayi wawo unali woti malamulo a ku Mangalande salola mitala.

Masiku amenewo makompyuta anali asanafale, koma bambowa anali nayo yawo, chibokosi cholemera ngati thumba la simenti. M'menemo anasungamo nyimbo za kumudzi zomwe anazitolera m'makaseti kwa zaka zambiri. Chifukwa cha nyimbozo, palibe ukwati kapena chinkhoswe cha Amalawi a ku Leeds, mzinda woyandikana nawo, chomwe chinkachitika popanda iwo. Mkati mwa sabata anali wonyamula makatoni kumalo osungira katundu, koma Loweruka anali a DJ, ndipo dzina limeneli ankalikonda kuposa la ubatizo.

Ukwati wa Tupochile, mwana wa mchemwali wa mayi Asimenye, utayandikira, kunamveka mbiri yoti kwabuka mavairasi omwe akufafaniza zonse za m'makompyuta. Bambo Mapopa tulo tinawathawa. Anagula magazini yomwe pachikuto pake anamatapo chimbale cha pulogalamu yoteteza kompyuta. Pachimbalepo panali chithunzi cha galu ndi mawu akuti, "Yesani ulere mwezi wathunthu, mukakhutira mugule." Galuyo akapeza vairasi ankauwadi, ndipo bambowa anamukonda.

Eni mapulogalamuwa ankachita kulimbikitsa anthu kuti azigawana, podziwa kuti wolawa ndiye amagula. Choncho Lamulungu lotsatira, a Kangwa, mnzawo wa ku Zambia wosamalira okalamba, anawapatsa chimbale china atatuluka m'tchalitchi. Ichi chinali ndi mkango, ndipo chinkadzitama kuti, "Ena amangouwa, ife timaluma." Mawu amenewa anawalasa bambo Mapopa pamtima.

"Koma ba Mapopa, muyambe mwachotsa wa galu uja," anawachenjeza a Kangwa. "One at a time, mudala."

"Nyumba ya alonda awiri wakuba amailambalala," anayankha motero, n'kukaika onse awiri m'kompyuta.

Kuyambira tsiku limenelo kompyuta inayamba kuyenda ngati nkhalamba yokwera chitunda. Ukaiyatsa unkatha kuphika tiyi, kumwa, n'kutsuka kapu isanadzuke.

"Bambo a Lughano, alonda anuwa ndikuona ngati sakumwerana madzi," anatero mayi Asimenye. "Chotsanipo mmodzi, ukwati wa mwana usatichititse manyazi."

"Akuzolowerana, mayi. Inu zinthu za technology zisiyeni."

Tsiku la ukwati kunacha ndi mvula, monga mwa chizolowezi cha ku Leeds. Holo inadzaza, ena atachita kuchokera ku Manchester. Mwezi waulere uja unali ukutha, ndipo mlonda aliyense ankangotulutsa uthenga wokumbutsa kuti agulidwe. Mwina n'chifukwa chake aliyense anafuna kugwira mbava yaikulu kuti aoneke wofunika.

Tupochile anaima pakhomo ndi mwamuna wake, operekeza atandanda kumbuyo, mapazi akuyabwa kuti alowe movina. Woyendetsa mwambo anafuula, "A DJ, tipatseni nyimbo!" Bambo Mapopa anakonza tayi, n'kudina.

"Hu! Hu! Hu!" zinatero zokuzira mawu.

Kenako kunamveka kubangula kwa mkango, mwana wina n'kubisala kunsi kwa tebulo. Galu anali atalengeza kuti wapeza vairasi yoopsa, ndipo vairasiyo inali mkango. Nawonso mkango unalengeza kuti wagwira galu. Onse awiri anambwandira nyimbo ya akwati kuti aifufuze, ndipo palibe anafuna kuitaya.

"Kodi ndani wabwera ndi galu ku ukwati?" anafunsa malume a mkwati, akusuzumira kunsi kwa mipando.

Thukuta linali kamukamu pankhope pa bambo Mapopa. Akatseka uthenga wa galu, wa mkango unkatulukira, wowauza kuti akagula lero awachotserako mtengo. Anazimitsa, anayatsa, koma kompyuta inangoti njo. Tupochile, ataimabe pakhomo, misozi inayamba kulengeza m'maso.

Apo mayi Asimenye anaponyera amuna awo diso lomwe amuna okwatira okha amalidziwa. Anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyambitsa nyimbo ya ukwati pakamwa. Amayi anzawo anapolokezana, m'manja munalira, nthungululu zinang'amba denga, ndipo a Kangwa anasandutsa ndowa ya zakumwa kukhala ng'oma. Akwati analowa movina mpaka pansi panagwedezeka. Ukwati unakoma kuposa maukwati onse a chaka chimenecho, ndipo izi ndi zomwe zinawapweteka kwambiri bambo Mapopa. Anamva ndi makutu awo anthu akupangana kuti pa chinkhoswe chotsatira adzangoitana amayi omwewa.

Mwambo utatha, anasenza chibokosi chawo kupita pomwe anaimika galimoto, mvula ikukhuthuka. Maambulera anali nawo awiri, monga mwa khalidwe lawo. Ya kunyumba anaisiya podalira ya m'galimoto, pomwe ya m'galimotoyo anali ataisiya ku ntchito podalira ya kunyumba. Madzi analowa m'suti, m'nsapato, mpaka m'kompyuta momwe munali nyimbo zawo zonse.

Mayi Asimenye anawatsegulira chitseko cha galimoto, n'kuwayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Lowani, a DJ," anatero mwaulemu wonse. "Koma galu ndi mkango akhale kumbuyo."

Bambo Mapopa analowa, madzi akuchucha m'ndevu. Akuluakulu sananame pomwe anati mapanga awiri avumbwitsa.