Mzere Umene Sanaupopere

Panali munthu wina amene ankalima matimati m'dimba, kumunsi kwa mudzi ngati wakwathu uja. Chaka china dzuwa la Okutobala litakula, masamba anayamba kuchita mawanga achikasu n'kumauma. Atatembenuza tsamba limodzi anapeza timaulusi ndi tizilombo tating'ono ngati fumbi la njerwa. Anali akangaude ofiira, ndipo banja lake linkadalira dimba lomwelo.

Iye ndi anzake a madimba oyandikana anagula mankhwala amodzimodzi. Akuwasungunula, mkazi wake anamupempha kuti asiye mzere umodzi osapopera. Mwamunayo anadabwa kuti munthu angasiyire bwanji mdani chakudya mwadala.

"Mukapopera yonse, bambo, tidzadziwa bwanji chimene chawapha?" anafunsa mkaziyo.

Anasiya mzere wa kumalire n'kumangirirapo kansanza. Anzake ankamuseka kuti wayamba kuweta akangaude.

M'mawa uliwonse mkazi uja ankagwedezera tsamba la mzere wopopera pa mbale yoyera, kenako la mzere wa kansanza. Awiriwo ankawerama n'kumayang'anitsitsa. Masiku asanu anadutsa, koma timadontho tofiira tinkayendabe pa mbale, uku ndi uku chimodzimodzi.

Kenako kunagwa chizimalupsa, mvula ya masiku awiri. Akangaude anatha m'madimba onse, masamba atsopano anaphuka, ndipo anthu anatamanda mankhwala aja. Munthu uja anapita pa mzere wa kansanza. Nawonso unali utachira, ngakhale sunalawe dontho la mankhwala. Anauza anzake kuti chimene chagwira ntchito ndi mvula, osati mankhwala, koma iwo analoza matimati awo obiriwira, nati maso sanama.

Chaka chotsatira akangaude anabweranso, mvula inachedwa. Anzake anapopera mankhwala omwe aja, madimba awo anauma ngati atenthedwa. Iye anali atafunsa kale mlangizi za mankhwala ena, nawayesanso ndi kansanza ndi mbale. Anataya mzere umodzi, yotsalayo anakolola.

Inu amene mukumva, zinthu zikakuyenderani musafulumire kuthokoza chimene chinali m'manja mwanu. Siyani kamzere kamodzi kuti kadzakuuzeni zoona. Ndipo ngati pakhomo panu pali munthu amene amafunsa kuti "tidzadziwa bwanji?", mumvereni akadalipo. Anthu otere sakhalitsa, ndipo akapita, mbale yoyera ija imangokhala pathandala.