Tonde Afuna Mlezi

Kalekale, mbuzi zisanadziwe chingwe, padali Tonde, mwini ndevu ndi fungo lomveka mpaka tsidya la dambo. Kwawo kwa mkazi wake kudagwa maliro, ndiye padafunika mlezi wotsala ndi tiana tawo tiwiri.

"Tingomutenga Galu," adatero mkaziyo. "Adalera ana a Nkhosa, palibe ndi mmodzi yemwe adasowa."

"Iyayi, mayi. Ntchito salemba pongomva mbiri. Abwere ndiwaone ndekha, ndicheze nawo."

Tsono Tonde adali ndi nthabwala yake imodzi, ya nkhuku yogwera m'chitsime, yozizira ngati phala ladzulo. Ngakhale mkazi wake akaimva ankangoyang'ana kumbali, ndipo zimenezi zinkamuwawa bamboyo.

Adabwera Galu. Tonde adamukhazika pansi, nayamba ya nkhuku ija. Galu sadaseke, adangofunsa:

"Bwana, anawo amadya nthawi yanji? Nanga khola lili ndi chitseko?"

"Nkhope ngati wamwa mankhwala! Uyu sitingagwirizane. Wina abwere!"

Adabwera Bulu. Iyeyu adamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenaka nkufunsa ngati nkhukuyo idapulumuka.

"Uyunso sitingagwirizane. Wina abwere!"

Adabwera Fisi, akutsimphina, malovu chuchuchu. Nkhuku isanafike nkomwe pachitsime, iye adali atagwa kale chagada.

"Hi-hi-hi! Bwana, mundipha! Nthiti zanga ine!"

Tonde mtima udachita myaa. Adaibwereza, Fisi adasekanso. Tonde adamufunsa zakwawo, za mowa umene amakonda, ngakhalenso ngati ndevuzo zikumukhala bwino. Dzuwa lidapendeka akucheza.

"Bambo, komatu uyu ndi Fisi," mkazi adanong'ona.

"Tsankho limenelo, mayi! Munthu timamuona mtima. Simukuona mmene tikumvanirana?"

Adanyamuka kupita kumaliro. Pobwerako adapeza khola lili pululu, Fisi ali tambalale pakhonde, akutokosa m'mano ndi kamtengo. Mkazi adadzigwetsa pansi nayamba kubuma. Tonde adatembenukira kwa Fisi.

"Mnzanga, ana anga ali kuti?"

"Bwana, musandikwiyire," adatero Fisi, akusisita mimba. "Tsiku lija mudandifunsa zambiri, ndipo ine ndidayankha zoona zokhazokha. Koma zoti ndimadya chiyani, simudafunse."

Nthano yathera pomwepa, ana inu: polemba wantchito mufunseni za ntchitoyo, chifukwa woseka nthabwala zanu sindiye wosunga ana anu.