Nyani Amene Ankatsatidwa ndi Mvula

Senderani kuno, tikhale tonse. Kalekale, nyama zikuyankhula ngati ine ndi inu, Mtambo unkagwira ganyu waulere. Ukafuna mvula yoviikira mapira, unkakupatsa. Ukafuna mthunzi kapena dzuwa loyanikira, unkakupatsanso. Koma Mtambo sunkamva zongokuwa. Unali ndi khomo limodzi lokha, mphako ya mlambe waukulu, ndipo pamphakopo pankakhala Bilimankhwe, diso lina kumwamba, lina kwa wobwera.

Mwambo wake unali wotere. Umanena ntchito, umanena nthawi, umanenanso ngati ukufuna kamodzi kapena masiku onse. Ukatero umakhala chete. Mtambo ukavomera, m'mphakomo munkagwa chipatso cha masau cha njere yofiira. Chipatsocho umakachiika pamalo pa ntchito, chifukwa Mtambo sudziwa nkhope ya munthu, umangotsata njere yake. Ntchito ikakukwana umabweza njereyo kumlambe, Mtambo n'kusiya.

Tsono kunali Nyani, mkamwini watsopano pamudzi wa paphiri lamiyala. Mkazi wake Nachanza ankamukonda ndi mtima wonse, koma apongozi ake aakazi anali asanakhutire naye. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Gogoyo sankayankhula naye maso ndi maso, mwambo sulola. Ankayang'ana kumbali n'kumauza mwana wake, Nyaniyo ali pomwepo.

"Nachanza, uwauze amunakowo kuti ndikufuna chimera cha mowa wa olima. Mapira ali pathanthwe. Akalephera, njira yakwawo akuidziwa."

Nyani anathamangira kumlambe. Anapeza Nungu atakhala pamzere, akudikira modekha. Iye anangomulumpha.

"Iwe Bilimankhwe! Mvula, dzuwa likangotuluka!"

"Kamodzi," anafunsa Bilimankhwe pang'onopang'ono, "kapena masiku onse?"

"Mtengo wake?"

"Ulere."

"Ulere? Ndiye masiku onse! Ndine wopusa ine kutenga kamodzi?"

Bilimankhwe anatembenuzira diso limodzi kumwamba. Zii. Nyani anakanda m'khwapa, anakanda pamsana, yankho osabwera.

"Kodi wagona? Ndati mvula, dzuwa likangotuluka, masiku onse!"

Zii.

"Gonthi iwe! Mvula, dzuwa likangotuluka, masiku onse!"

Nungu anatsokomola. "Achimwene, mawu aliwonse onenedwa pamphakopa amakwera kumwamba. Mwapempha katatu."

"Inu samalani minga yanuyo," anatero Nyani.

Pamenepo m'mphako munamveka phu! phu! phu! Masau atatu, onenepa, onunkhira. Bilimankhwe anawakankhira kutsogolo n'kuyamba kufotokoza.

"Masau awa ndi oti..."

"Zikomo kwambiri, ulemu mukuudziwa," anatero Nyani. Onse atatu anawaponya m'kamwa, n'kumeza ndi njere zomwe. Pamene Bilimankhwe amafika pa mawu akuti "musadye," mchira wa Nyani unali utazimirira kale m'tchire.

M'mawa mwake dzuwa linatuluka bwinobwino, pakuti chinali chilimwe. Nyani anali akadali pamphasa, akudziyamikira. Mwadzidzidzi, padenga pa nyumba yake yokha, waaa! Mvula. Inakhuthuka mpaka denga linadontha ngati dengu, kenako inakata. Nachanza asanafinye chitenje, waaa! yachiwiri. Asanatukwane, waaa! yachitatu. Nkhuku za panyumba yoyandikana zinali zikusamba fumbi.

Apongozi anapita kuthanthwe, anagwira mapira, anawapeza ali gwa, ouma ngati mchenga. Anabwerera n'kuyang'ana kumbali.

"Nachanza, uwafunse amunakowo. Ndinati aviike mapira kapena aviike mwana wanga?"

Tsiku lachiwiri Nyani analawirira kuthawira kudambo. Dzuwa kutuluka, mvula inamupeza komweko, katatu. Tsiku lachitatu anabisala m'phanga. Mvula inagwa pakhomo pa phangalo, madzi n'kulowa mpaka m'khosi, katatu. Anatuluka akunjenjemera, ubweya utamatirira, akuyetsemula ngati mbuzi. Anaima pachulu n'kukuwira kumwamba.

"Basi! Yakwana! Ndakhuta!"

Mtambo unangodutsa osacheuka. Unalibe makutu kwina kulikonse koma kumphako.

Nyani anabwerera kumlambe. Ulendo uno anapereka moni.

"Mwaswera bwanji, a Bilimankhwe? Ndabwera kudzaletsa mvula ija."

"Bwezani njere."

"Njere zake ziti?"

"Zitatu. Zofiira."

Nyani anagwira pamimba. Anaseka kaseko kopanda mano, anati akubwera. Anathamangira pamtengo wa masau wamba, anatola atatu, anadya mnofu, njerezo anazipaka dothi lakatondo. Bilimankhwe anaziyang'ana ndi diso limodzi, kenako ndi linalo, kenako anazinyambita. Katondo yense anachoka.

"Izi ndi za m'tchire."

"Zasuluka ndi mvula!"

"Bambo, ine ndimasintha mtundu tsiku lililonse. Zopakapaka musandiphunzitse."

Nyani anagwada. "Chonde, ndinu wamkulu pano. Ingouzani Mtambowo kuti Nyani walapa."

"Mtambo sudziwa Nyani. Umadziwa njere. Njere zikabwera, mvula isiya. Zili kuti?"

"Zili... pabwino."

"Ndiye zidikireni," anatero Bilimankhwe, diso lili pamimba ya Nyani. "Cholowa chimatuluka."

Kunyumba, Nyani anaulula zonse kwa mkazi wake. Nachanza anaseka mpaka anakhala pansi, anaseka mpaka misozi. Koma anali mkazi wanzeru, ndipo mwamuna wakeyo, ngakhale anali chitsiru, ankamufunabe.

"Abambo, ngati mvula ikutsata mimba yanu, mimbayo ipite kumene kukufunika mvula. Mawa mukakhale pakati pa mapira."

Anaterodi. Dzuwa kutuluka, Nyani ali tsonga pathanthwe ngati chiopsezo cha mbalame, mvula inamukhuthukira katatu, mapira ananyowa bwino lomwe. Nachanza anamuthamangitsira kudambo kuti azikagona kumeneko, iye n'kupita yekha kumlambe. Anapempha mthunzi wa masiku atatu, anadikira, analandira chipatso chake n'kukachiika pathanthwe. Mapira anamera. Anabweza njere, anapempha dzuwa la masiku awiri, anadikiranso. Chimera chinauma, chonunkhira, chokoma. Anachilongedza m'mitanga n'kuchiika m'nkhokwe ya amayi ake.

Apongozi analawa, anayang'ana kumbali. "Nachanza, uwauze amunakowo kuti ayesako."

Mawu amenewo anamukomera Nyani kuposa uchi. Chinatsala ndi njere zija, zomwe zinakhazikika m'mimba ngati zalipira msonkho. Nyani anatopa kugona kudambo. Anapita kwa Nungu, amene ankadziwa mizu, kukapempha mankhwala otsegula m'mimba.

"Kamuzu aka," anatero Nungu, "muthyole kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Ndipo mumwere kutchire, pafupi ndi mlambe, chifukwa..."

"Ndamva, ndamva," anatero Nyani. Anatafuna muzu wonse ali panjira yopita kumudzi, poti anafuna akaone kaye nkhope ya Nachanza.

Anafika pamudzi dzuwa lili paliwombo, anthu onse ali kumunda. Atangoponda pabwalo, m'mimba munalira gudugudu! Anayang'ana kutchire, kutali. Anayang'ana kudambo, kutali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, abale anga, koma chitseko chimene Nyani anatsekula chinali choipa. Malo obisika apafupi anali amodzi okha: kuseri kwa nkhokwe ya apongozi.

Atatha, manyazi anamugwira. Mkamwini, kuseri kwa nkhokwe ya apongozi! Za njere anaiwaliratu. Anakwirira ndi masamba msangamsanga n'kuthawira kudambo, osauza munthu.

M'mawa dzuwa linatuluka. Nyani anatseka maso, anakweza mapewa, kudikira madzi. Palibe. Anatsegula diso limodzi. Kumwamba kuli mbee! Analumpha, anavina, anagubuduka m'fumbi.

"Ndauma! Ndauma ine! Mtambo wandiopa!"

Anauyamba wa kumudzi akuimba, mchira uli m'mwamba. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Atakwera phiri anaona anthu onse ataunjikana, manja ali m'chiuno, ndipo pamwamba pa nkhokwe ya apongozi mvula yachitatu inali ikumaliza ntchito yake. Denga la nkhokwe linali litagwera m'kati. Chimera chonse chinali phala, chikuyenderera pansi.

Apongozi sanakuwe. Anangoyang'ana kumbali.

"Nachanza, uwafunse amunakowo. Mvula imatsata mimba yawo, tonse tikudziwa, nkhani sigona. Lero iwo auma, nkhokwe yanga yanyowa. Za m'mimba mwawo zafika bwanji pankhokwe yanga?"

Maso onse anatembenukira kwa Nyani. Kenako wina anati khi, wina khikhi, mpaka onse anagwa nacho chiseko. Anyani amasekana zikundu, koma tsiku limenelo chikundu chosekedwa chinali chimodzi.

"Ndi mphepo," anayesa Nyani. "Mwina mphepo inauluza..."

"Abambo," anatero Nachanza motsitsa mawu, "musawonjezere bodza pamwamba pa zinazo. Tengani kamtengo, kafukuleni."

Ndipo Nyani, mwamuna wamkulu wandevu zake, anagwada kuseri kwa nkhokwe, mudzi wonse ukuonerera utatseka mphuno, n'kuyamba kufukula. Anapeza njere yoyamba. Anthu anaomba m'manja. Anapeza yachiwiri. Amayi ena analuluta. Anafukula, anafukula, yachitatu osaoneka. Chimene anaona ndi kanjira kakang'ono m'matope, kolowera kumiyala. Chikumbu chija chimagubuduza ndowe chinali chitadzipangira mpira wake, njere ili m'kati, n'kukaubisa pansi pa mwala. Mwala uti? Mudziwo unali paphiri, ndipo miyala yake ngakhale mutawerenga chaka chonse simungaimalize.

Nyani anatsuka njere ziwirizo n'kuthamanga nazo kumlambe. Bilimankhwe anazinunkhiza, anasanduka wotuwa, anaziponya m'mphako ndi nsonga ya mchira.

"Mvula ziwiri zaletsedwa. Yatsala imodzi."

"Imodzi yokhayo, a Bilimankhwe, simungaikhululuke?"

"Bwezani njere."

"Ili pamudzi pomwepo, pansi pa mwala!"

"Ndiye mvula izigwa pamudzi pomwepo," anatero Bilimankhwe. "Wotsatira!"

Zinaterodi. M'mawa uliwonse, dzuwa likangotuluka, waaa! pamudzi wa apongozi. Ufa sunkauma, nkhuni sizinkayaka, mowa wa olima sunafulidwe, ndipo munda wa gogoyo unalimidwa theka. Tsiku lachisanu apongoziwo anatulutsa mphasa ya Nyani n'kuiika panja. Ulendo uno sanayang'ane kumbali. Anamuyang'ana m'maso, zimene zinamuopsa Nyani kuposa mvula zonse zitatu.

"Bambo, nyamukani. Tsiku limene mudzapeze njereyo, mudzabwere nayo, mudzamupeza mkazi wanu. Musanaipeze, mudzi uno muziwuonera patali."

Nachanza anamuperekeza mpaka kumapeto kwa bwalo. Apa sanaseke. Analira, Nyani nayenso analira, chifukwa ankakondanadi awiriwa.

"Abambo," anatero akupukuta misozi, "mukanangodikira kuti Bilimankhwe amalize mawu ake."

"Amayankhula mochedwa, Nachanza."

"Nanga inu mwafulumira mwafika kuti?"

Nyani anawerama, anagubuduza mwala woyamba, anasuzumira pansi pake. Panali chinkhanira. Anachidya, poti njala inali itamugwira, n'kupita pamwala wachiwiri.

Mpaka lero, mukakumana ndi nyani paphiri, mudzamuona akutembenuza miyala umodziumodzi, akusuzumira, kenako n'kukhala tsonga kuyang'ana kumudzi. Musamuponye mwala, ali nayo kale yambiri. Akufuna njira yobwerera kwa mkazi wake.

Phunziro lake nali, ana inu: usayambitse chinthu usanafunse kaletsedwe kake, ndipo wina akamakufotokozera, mudikire amalize ngakhale lilime lake likhale lolemera. Safunsa anadya phula, Nyani anadya masau.

Nthano yanga yakhala pansi pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanapserere.