Wezulo wa a Yesaya

Munthu akapatsidwa wezulo muzimuyang'anitsitsa, chifukwa kanthu kaja n'kakang'ono koma kamatupitsa mutu. A Yesaya, kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, anali munthu wabwinobwino mpaka chaka chimene mzungu wa paesitetipo anabweretsa mpira wachikopa n'kuwaveka wezulo m'khosi kuti aziimbira masewero. Kuyambira pamenepo ngakhale nkhuku zapakhomo ankaziitana ndi wezulo.

Tsiku lina mzunguyo anapereka mbuzi, nati anyamata akumunda apikisane ndi akufakitale Lamulungu masana, opambana aitenge. Bwalo lake linali pamtsetse, tiyi uku ndi uku, golo ina kumtunda ina kumunsi. Zakeyu, mlamu wawo wa a Yesaya, anapempha kuti iye aime kumunsi, Dickson wakufakitale aime kumtunda, aziwathandiza kuona. A Yesaya anaseka, nati iwo amayang'anira okha anthu odzaza phiri, ndiye tianyamata tothamangitsa chikopa tingawavute bwanji.

"Alamu, maso anu ndi awiri ngati angawa," anatero Zakeyu.

"Anga ndi aukapitawo. Ndikaphonya chigoli ngakhale chimodzi, mukamasule tonde wanga mudye."

Mawu otere sayankhula pagulu, mphepo imasunga. Akazi awo, a Lestina, anawakokera pambali n'kuwakumbutsa kuti unali mwezi wa chiperoni, komanso kuti tondeyo ankasungira chinkhoswe cha mwana wawo. Iwo anangoti za mpira azisiyire amuna.

Chiperoni sichinena odi. Masewero ali pakati, nkhungu inatsika kuphiri n'kuphimba bwalo lonse, moti munthu sankaona ndi phazi lake lomwe. Wanzeru akanaimitsa masewero, pakuti nyengo yotere ndi imene ana a eni amathyokera miyendo. Koma a Yesaya anaima nji pakati pabwalo, wezulo kukamwa, maso ali tong'o m'nkhungu.

Mpira unagwera m'tiyi n'kusowa. Anyamata amene anali kumtunda, poopa kuzizidwa, anaponyamo mpira wawo wansanza wophunzirira. Nthawi yomweyo amene anali kumunsi anaupeza wachikopa uja n'kuubwezera m'bwalo. Mipira inakhala iwiri, woimbira osadziwa kanthu. Posakhalitsa nthungululu zinamveka kumtunda: akumunda agoletsa. Zisanathe, kumunsi kunalira ng'oma: akufakitale agoletsa. A Yesaya anathamangira kumtunda, anatembenuka kuti atsikire kumunsi, anaterereka n'kukhala pansi m'matope, wezulo ukulira wokha.

Nkhungu itayera, magulu onse awiri anali atagwira chingwe cha mbuzi ya mzungu. Akumunda ankati anayamba ndi iwo kugoletsa. Akufakitale ankati chigoli ndi cha mpira wachikopa, nsanza azikakolopera kwawo. Mitima inayamba kutentha, ndipo anyamata akamakangana zikwanje zodulira tiyi zili pafupi, musamati n'zocheza. Onse anatembenukira kwa woimbira kuti agamule. A Yesaya anayang'ana kumtunda, nayang'ana kumunsi, kenaka anavomera ndi mawu aang'ono kuti sanaone chigoli chilichonse.

"Alamu," anatero Zakeyu mofatsa, "ndikamasule ndine, kapena mupita nokha?"

Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo a Yesaya, matope ali kumbuyo, anaseka nawo. Tonde anabwera, gulu lililonse linakhala ndi mbuzi yake, mkangano n'kuthera pomwepo. Anaziphera pamodzi, nyama anawotchera pambali pabwalo, tchopa n'kuvinidwa mpaka akumunda ndi akufakitale osasiyanitsikanso. A Lestina anapatsidwa chiwindi. Anadya ndithu, koma akutafuna anauza amuna awo kuti mbuzi ina yachinkhoswe akaifune okha, aiitane ndi wezulo ngati ingabwere.

Lamulungu lotsatira Zakeyu anaima kumunsi, Dickson kumtunda, aliyense nthambi m'manja ngati mbendera, ndipo amene anawaitana anali a Yesaya eni ake. Musadikire kuti tonde wanu alowe m'mimba mwa anzanu kuti mudziwe zimene ananena makolo: chala chimodzi sichiswa nsabwe.