Chitseko cha a Zakeyu

Ana inu mukamva mwambi woti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mumayamba kugwira pakamwa ndi kuseka, poti m'maganizo mwanu mumaona munthu wotsekula m'mimba akuthamangira kuseri kwa nyumba. Sekani, mano ndi anu. Koma mwambiwu sunayambe ndi munthu wothamanga ayi. Unayamba ndi munthu amene liwiro linali litamuthawa kalekale, ndipo m'mimba mwake simunatseguke, munachita kutsekeka.

Kale, msewu wa pa Mwalawanyenje usanaone phula, basi ikadali kubwera ndi nkhuku padenga, panali mmisiri wa matabwa dzina lake a Zakeyu Kamtedza. Koma anthu ankadziwa ntchito masiku amenewo! Zitseko za m'magolosale, za kutchalitchi, za kusukulu, zonse zinatuluka m'manja mwa bamboyu. Ankagwirira ntchito pansi pa mkuyu, pensulo ili kukhutu, fungo la mlombwa lili guu mpaka kumsika. Chitseko cha a Zakeyu sichinkalira, sichinkakhula pansi, ndipo mvula ikagwa sichinkafufuma. Osati zanu za lerozi, zoti mbuzi ikangotsamira zagwa kale.

Chimene ankachinyadira koposa chinali cha kuchipinda kwawo. Anachipanga chaka chimene anakwatira a Nangondo, ndi mlombwa wokhwima, n'kuikako mpiringidzo wa mkati wonenepa ngati mkono wa munthu. Ankati ngakhale njovu ingabwerere pamenepo. A Nangondo ankawaseka kuti akutsekera yani, poti wakuba yekhayo amene iwo ankamudziwa ndi amene anawaba kwa amayi awo.

A Nangondo anali mkazi womva zosanenedwa. Amuna awo akangokwinya pamphumi, iwo adziwa kale kuti ndi dzino kapena ndi msana, ndipo madzi otentha ali kale pamoto. Motero a Zakeyu anafika pomera imvi asanaphunzire kunena kuti pakuti pakundiwawa. Anali naye wowanenera. A Nangondo atatsikira kulichete, nyumba inazizira, ndipo a Zakeyu anatsala ndi pakamwa posazolowera kudandaula.

Matenda anayambira kuchala chachikulu cha kumanja, chimene chinkangogwedera chokha. Kenaka dzanja lonse, njenjenje. Sowo inayamba kuphonya mzere, ndipo ntchito ya pamkuyu inathera pomwepo. Mapazi anayamba kukwekweza, ndipo nthawi zina ankangomatirira pansi, mtima ukufuna kupita koma miyendo yakana. Kuchipatala anawauza kuti ndi matenda a mu ubongo, osapatsirana komanso osatheratu, koma mapiritsi amawafewetsako. Ankamwa mapiritsiwo mokhulupirika.

Mwana wawo Filimoni ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Pakhomo panatsala mkazi wa Filimoniyo, Nankhoma, amene anabwera pa chitengwa. Mwana waulemu ameneyo, sindinaonenso wina. Polankhula ndi apongozi ake ankagwada chapatali, nkhope atayang'anitsa kumbali, ndipo kuchipinda kwawo sankapondako. Poti ankawalemekeza chotero, analumbira mumtima kuti mgaiwa sudzafika pakamwa pawo. Mgaiwa unali wa aganyu ndi wa chaka cha njala. M'mawa uliwonse ankakonola chimanga mumtondo, thi, thi, thi, n'kupeta, madeya n'kuwazira nkhuku, kuti apongozi adye za ufa woyera mbee. Ndiwo zamasamba ankachita nazo manyazi, ndiye ankawasakira mazira ndi kanyama. Pa tiyi ankawaikira buledi woyera wa kugolosale.

A Zakeyu ankaukonda mtondowo pa chifukwa chawochawo. Anazindikira kuti musi ukamagunda, mapazi awo ankamvera: kugunda kumodzi, phazi limodzi. Choncho ankatuluka kukaothera dzuwa pa nthawi imene Nankhoma akukonola. Nankhoma anaziona zimenezi, koma mpongozi saonetsa kuti waona, ndiye anangosunga mumtima.

Tsiku lina kunabwera alendo a kutchalitchi, ndipo a Zakeyu ponyamula kapu ya madzi, dzanja linawapereka. Madzi onse anathera pathalauza. Alendo anayang'ana kumwamba ngati akuona mbalame, koma mwiniwake anamva manyazi mpaka m'mafupa. Kuyambira pamenepo madzi ankangonyowetsa nawo milomo. Anaonanso kuti zikuwathandiza, poti chimbudzi chinali kumapeto kwa bwalo, ndipo ulendo wokafika kumeneko unali wautali, anthu odutsa pamsewu akuonerera. Anachepetsa kumwa, anachepetsa kuyenda, n'kumangokhala pampando tsiku lonse.

Posakhalitsa m'mimba munayamba kuuma. Ankapita kuchimbudzi, kukhala, kudzikakamiza mpaka thukuta, n'kubwerako chimodzimodzi. Masiku anapitapo. Mimba inakungika ngati ng'oma yowambidwa pamoto, chilakolako cha chakudya chinatha, ndipo mapiritsi aja anakhala ngati asiya kugwira ntchito, moti kunjenjemera kunakula. Mbale zinayamba kubwerera kukhitchini zosakhudzidwa. Nankhoma anaganiza kuti ulemu wachepa, ndiye anawonjezera: ufa anauyeretsa koposa, anapha nkhuku, anagula masikono. Mbale zinabwererabe. Mwana wa eni ake analira yekha kuchitsime, akuganiza kuti apongozi amuda.

A Zakeyu ankaziona zonsezi ndipo mtima unkawawawa. Koma tandiuzani inu, mwamuna wamkulu angauze bwanji mkazi wa mwana wake nkhani ya kuchimbudzi? Angayambire pati? Masiku amenewo mawu oterowo sankadutsa pakati pa apongozi. Ankakumbuka a Nangondo, amene akanangowayang'ana kayendedwe n'kupita kukathyola papaya osafunsa kanthu. Anawasowa kwambiri masiku amenewo kuposa tsiku la maliro.

M'mawa wina ululu unafika poipa. Anasanza pang'ono, ndipo anadzimva akubuula. Poopa kuti Nankhoma amva kubuulako, anakankha chitseko chija, nalimbana ndi mpiringidzo ndi manja awo onjenjemera mpaka unalowa m'malo mwake. Anabwerera n'kukhala pabedi. Dzuwa litakwera anayesa kuimirira, ndipo anaimadi, koma mapazi anamatirira pansi pakati pa chipinda. Anagwira mutu wa bedi, chitseko akuchiona apo, osatha kuchifikira.

Nankhoma anabwera ndi phala, nagwada pakhomo, naodira. Sanamve yankho koma kupuma kolemera. Anaodiranso. Atakankha pang'ono ndi chala n'kupeza kuti n'chopiringidza, anasiya mbale pansi n'kuthamangira kwa a Nachisale.

A Nachisale anali msuweni wa a Zakeyu, mayi wophika thobwa pamsika, wa pakamwa posatopa. Mukudziwa kuti pa chisuweni palibe mawu oletsedwa. Awiriwa anakula akunyozana, ndipo a Nachisale ankawatcha a Zakeyu amuna awo ngakhale pamaso pa a Nangondo. Anafika manja ali ndi chimera, nagogoda ndi chigongono.

"Amuna anga, mwabisa mkazi wina m'menemo? Tsekulani ndimuone ngati akundiposa."

A Zakeyu anayankha kuti palibe kanthu, akungopumula. Koma mawu anatuluka opyapyala, odukaduka, ndipo a Nachisale anasiya nthabwala. Anati ngati satsekula, aitana anyamata a kumsika abwere ndi nkhwangwa.

"Chitseko cha Nangondo musachikhudze," anatero a Zakeyu.

A Nachisale anati chabwino, sachikhudza, koma anene chimene chawavuta. Ndiye anawauza zimene Nankhoma anawanong'oneza m'njira: kuti wamanga kale zovala zake m'chitenje, akuti abwerere kwawo, poti apongozi akukana chakudya chake ndipo iye sakudziwa chimene analakwa.

Mawu amenewo anawalasa a Zakeyu kuposa mimba. Anaona kuti manyazi awo ayamba kudya munthu wosalakwa. Anatseka maso, nalankhula mawu amene sanawalankhulepo kwa munthu chibadwire.

"Mwanayo alibe mlandu. Ndine. Sindikuchita chimbudzi, ndipo papita masiku. M'mimba mwauma gwa, mukundipweteka kwambiri. Ndikuopa."

Nankhoma anamva zonse ali chogwada pomwepo. Denga silinagwe, nkhuku zinapitiriza kutola zakezo pabwalo. Ndipo a Nachisale, amene ankaseka ngakhale pamaliro, sanaseke. Anayandikira pachitseko n'kulankhula motsitsa.

"Mwanena, mwachita bwino. Tsono ife tili kunja kuno, mimba zathu zili phee. Ngolo ndikapeza, kuchipatala tikakufikitsani, koma mpiringidzo uli mbali yanuyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

A Zakeyu anati akufuna, koma miyendo yakana. Apa Nankhoma anadzuka. Anagubuduza mtondo mpaka pakhonde, nathiramo chimanga, natenga musi. Sanakonole mwachangu monga mwa masiku onse. Anagunda kamodzi, nadikira. Anagundanso. Thi. Thi. A Nachisale anamuyang'ana ngati wapenga, kuti munthu akufa iye akuganiza za ufa.

M'chipindamo a Zakeyu anamva musi uja ndipo anadziwa kuti mwanayu ankaona zonse kuyambira kale. Misozi inatsika. Phazi lamanja linanyamuka, kenaka lamanzere. Musi ukagunda, iwo aponda. Anafika pachitseko thukuta lili kamukamu. Zala zinalephera kugwira mpiringidzo, ndiye anaulowetsa mkono pansi pake n'kuutukula ndi phewa. Unagwa pansi, khu! Chitseko chinatseguka osalira ngakhale pang'ono, monga mwa ntchito ya mwini wake.

Nankhoma anaponya musi, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana apongozi ake kumaso.

"Bambo, gwirani phewa langa."

Anagwira. Anawagoneka pamphasa m'ngolo ya ng'ombe, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atafika kuchipatala. Kumeneko anawathandiza ndi mankhwala olowetsa kumunsi ndi ena akumwa, ndipo namwino anati akanachedwa pang'ono ikanakhala nkhani ya mpeni, yowang'amba pamimba. Anafotokoza kuti matenda amene amachedwetsa miyendo amachedwetsanso matumbo, ndipo m'mimba mukaima, ngakhale mapiritsi sagwira bwino ntchito. Anati munthu wotere amafunika madzi pafupipafupi, kuyendako tsiku lililonse, mgaiwa, masamba, nyemba ndi zipatso, ndiponso kunena msanga zinthu zikaima, osadikira kuti mimba ikungike.

Nankhoma atamva za mgaiwa anagwira pakamwa. Miyezi yonseyi mankhwala a apongozi ake ankawapeta n'kuwazira nkhuku. A Nachisale, mtima utakhala pansi, anati n'chifukwa chake nkhuku za pakhomopo sizinadzimbidwepo. A Zakeyu anaseka ali chigonere, atagwira pamimba.

Atabwerera kumudzi zinthu zinasintha. Mgaiwa unalowa m'nyumba, bonongwe ndi therere zinasiya kuchititsa manyazi, papaya sankasowa pakhonde. Madzi Nankhoma ankathira theka la kapu kuti asatayike, koma ankabwera nawo kawirikawiri. Mtondo sunapume ayi: m'malo mokonola chimanga, unkasinja mtedza wa nsinjiro, ndipo a Zakeyu akamaliza phala ankayenda ndi kugunda kwake kukafika pamkuyu paja n'kubwerera. Apongozi awiriwa anapezanso chinenero chawo. Zinthu zikaima, a Zakeyu ankangoti, "Amayi, mpiringidzo wagwera," ndipo Nankhoma ankadziwa chochita, zikakanika n'kuitanitsa ngolo.

Matenda onjenjemera sanathe, ndisakunamizeni. Koma a Zakeyu anaona mvula zina zingapo, anaona ndi zidzukulu. Ntchito yawo yomaliza inali mpiringidzo uja. Anausema pang'onopang'ono, Filimoni atawagwirira, mpaka unasanduka ndodo yoyendera, ndipo chitseko cha a Nangondo sichinapiringidzidwenso. Mkuyu uja anaudula pokonza msewu, a Nachisale anapita, thobwa ngati lawo silinapezekenso. Chitsekocho chokha ndiye chikadalipo, ndipo mpaka lero sichilira.

Mawu a a Nachisale anafala pamsika, poti mayiwo sankasunga nkhani, ndipo anayenda mpaka anafika kwa inu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tanthauzo lake ndi lakuti vuto amalidziwa ndi mwini wake, ndipo ndi iye ayenera kuyamba kufuna thandizo. Anthu angakukondeni chotani, angabwere ndi ngolo, ndi mankhwala, ndi mtondo, koma zimene zili m'kati mwanu sangazione, ndipo mwina pofuna kukulemekezani angawonjezere chomwe chikukupwetekani. Pali zitseko zimene mpiringidzo wake uli mkati. Chikakuwawani, ana inu, ngakhale chikhale chochititsa manyazi, nenani. Amene ali panja akudikira kuti mutsekule.